Flybridge ya boti lakale: kuichotsa, kuisiya, kapena kungoifupikitsa

Anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi chiyambire chaka chino, ndiye bola ndingolemba kamodzi. Mwagula boti lakale la m'ma 1980, lili ndi flybridge, kakhonde kapadenga kaja kokhala ndi mipando ndi chiwongolero chachiwiri. Muichotse? Ine ndi alamu anga tinachotsa yathu zaka ziwiri zapitazo, pa boti la fayibagalasi la mamita 10 limene timasunga pa mtsinje wa Thames ku England, kufupi ndi tauni ya Reading. Ndinene poyera kuti sindiweruza mopanda mbali, chifukwa m'thumba mwanga simunapolebe.

Chimene chimachititsa anthu kuganiza zochotsa ndi milatho. Mlatho wa pa Cookham Lock, kumunsi kwa Reading, uli ndi mpata wa mamita 3.81 kuchokera pamadzi; kukwera ndi mtsinje, Folly Bridge ku Oxford 3.12, ndipo Osney, wotsikitsitsa pa yonse, 2.28 basi. Mvula ikagwa madzi n'kukwera, mpatawo umachepanso. Amene amalota zokayenda m'ngalande za ku France akudziwa kuti zambiri zimalola mamita 3.5. Chifukwa chachiwiri ndi mphepo. Flybridge imagwira mphepo ngati thanga, ndiye ukamalowa pang'onopang'ono mu loko, malo a zitseko okwezera ndi kutsitsira maboti pa mtsinje, boti limangopita cham'mbali ngati nkhanu. Kwa ife okulira ku Nkhotakota, odziwa mwera, kamphepo ka kuno n'kamasewera, koma kamakwanira kukugunditsa kukhoma anthu akuonerera. Ena amatchula kulemera kwa pamwamba, kuti boti limayendayenda pa mafunde. Panyanja n'zoona. Pa Thames mafunde ake ati?

Tiyambe ndi kuchotseratu, poti ndi pamene ndinapsa.

Mmisiri wa pamalo pamene timasunga boti anatipatsa mtengo wooneka bwino, nati ntchito ya masiku awiri. Sananame. Anamasula mabawuti, anadula zomatira, kireni inabwera, pofika nthawi ya nkhomaliro flybridge inali pansi. Alamu anajambula ndi vidiyo yomwe. Kenaka mmisiri uja anakwera padenga, natenga sikuludiraiva n'kuilowetsa m'bowo limodzi la bawuti. Inalowa ngati m'phala. Atakanikiza ndi chidendene pambali pake, madzi akuda anatuluka m'mabowo atatu nthawi imodzi. Anangoti, “Bwerani mudzaone,” ndipo ndinadziwa kuti zathu zada.

Denga la maboti ambiri a zaka zimenezo lili ngati sangweji: fayibagalasi pamwamba, fayibagalasi pansi, pakati thabwa lopepuka lotchedwa balsa. Bowo lililonse la bawuti limene zomatira zake zinauma limalowetsa madzi a mvula, ndipo balsa akanyowa amaola mwakachetechete, kunja kukuoneka bwinobwino. Wathu anali ngati gaga wonyowa. Kukonza kwake n'kudula chikopa chapamwamba, kupala zoolazo, kuumitsa, kuika chapakati chatsopano, kumatanso fayibagalasi, kusalaza, kupenta. Zonsezi pa pepala la mtengo panalibe. Panalembedwa kuchotsa, ndipo kuchotsa anachotsadi.

Choipa kwambiri, munali mu Novembala. Epoxy, guluu womatira fayibagalasi, sagwira bwino kukazizira, ndiye panafunika tenti yophimba boti ndi hita, magetsi ake olipira ife. Boti likakhala pamtunda, malowo amalipiritsa sabata ndi sabata, ngakhale palibe amene akuligwira. Masiku awiri aja anasanduka miyezi itatu. Ndiye panabwera chimene chimandiwawabe mpaka lero: ndalama yotayira flybridge. Ndinkaganiza kuti wina aigula. Ayi ndithu. Fayibagalasi yakale siili ngati chitsulo choti a sikirapu akupatse kangachepe. Anaidula zidutswazidutswa, n'kutilipiritsa kudulako, n'kutilipiritsanso chibini chotayira. Kunyumba chinthu chotero wina akanachisandutsa khola la nkhuku tsiku lomwelo.

Onjezani timavuto ting'onoting'ono. Mapaipi a mafuta a chiwongolero chapamwamba anafunika kutseka ndi kutulutsa mpweya, apo ayi chiwongolero chapansi chimangozungulira boti osamva. Nthambo za giya ndi moto wa injini anazisolola. Hutala, nyali yapamwamba ndi mlongoti wa wailesi ya VHF zinafuna malo atsopano. Pomaliza tinalipira pafupifupi katatu mtengo tinauzidwa uja, ndipo penti yatsopano ya padenga ndi yoyera mbee pamene boti lonse linafiirira ndi ukalamba. Aliyense wodutsa amaona chigamba.

Kuti ndisanamizire wina, balsa uja anali woola kale, flybridge tikanaisiya akanaolabe. Kusiyana kwake n'kwakuti amene waisiya amasankha yekha nthawi yokonza, m'chilimwe, chigawo ndi chigawo. Ife tinasasula denga kukubwera dzinja.

Ndiye kuisiya ndi kuikonza? Apa nkhani ndi yaifupi. Mumasula mabawuti limodzilimodzi, kumatanso, kusintha makushoni, basi. Milatho yotsika muiiwale. Koma mumasunga chinthu chimene ine ndinachizindikira chitapita: kuona. Uli pamwamba umaona ngodya zonse zinayi za boti, umaona opalasa timabwato ndi osambira, umamva zimene woyang'anira loko akunena. Pa chiwongolero chapansi, kumbuyo sindikuonako n'komwe. Mayi a kunyumba amaima kumbuyo ndi chingwe n'kumakuwa kuti, “Bambo a ana, mwatsala pang'ono kugunda!” ine ndili m'kati mwa magalasi, injini ziwiri zikulira. Takangana kangapo pa nkhani imeneyi. Komanso alendo akabwera mu Julaye, onse amafuna kukhala panja, ndipo malo a anthu asanu aja tinawataya m'chibini.

Pa za mtengo wogulitsira, wogula amene akufuna boti la mtundu umenewo amalifuna ndi flybridge yake. Akaona lathu amayamba kufunsa kuti chinachitika n'chiyani. A inshuwalansi muyenera kuwauza za kusinthako, ndipo angafune kuti katswiri aliyendere, ndalama inanso. Msonkho wa chaka wa Environment Agency, bungwe la boma loyang'anira mtsinjewu, sutsika, poti pa Thames amawerengera utali ndi mulifupi wa boti, za msinkhu alibe nazo ntchito.

Njira yachitatu ndinaionera kwa mkulu wina amene boti lake limagona pafupi ndi lathu. Iye anangochotsa galasi lotchinga mphepo la pamwamba, anaika mahinji pa chitsulo chonyamula radar kuti chizigona chagada, anafupikitsa misana ya mipando. Ntchito ya Loweruka ziwiri, denga osaligwira. Pa Cookham amadutsa atakhala pansi, ataweramitsa mutu, kapu ya tiyi ili m'manja. Mphepo imamuvutabe, koma pang'ono. Ndikamuona ndimamupatsa moni wa pakamwa chabe.

Mukandifunsa ine, fupikitsani. Kuchotseratu n'kwa munthu amene wayeza ndi tepi, kuchokera pamadzi kufika pa denga lenilenilo, n'kutsimikiza kuti mlatho umene akuufunawo adutsadi. Ndipo musanalole kireni kubwera, gogodani denga lonse ndi kahamala: pabwino pamalira kuti ngwe, poola pamangoti phu. Pezani woyeza chinyontho ndi makina, ndipo mmisiri alembe pa pepala kuti kutseka denga, kupenta, kutaya zinyalala ndi masabata a pamtunda zili momwemo.

Ife tsopano Folly Bridge timadutsa, mpata wotsala ngati chikhatho. Chaka chatha tinafika pa Osney, alamu anaima kutsogolo ndi tepi, anayang'ana mlatho, anayang'ana denga lathu, n'kunena kuti tiyeni tibwerere. Mkulu wa mahinji uja amathera pa Folly, ife timathera pa Osney, ndipo pakati pa milatho iwiriyi pali mtunda woyenda wapansi mphindi makumi awiri.