Barele wokonola wa m'paketi mu supu ya nyama ya ng'ombe

Paketi ya magalamu 500 ya barele wokonola, mbewu yofanana ndi tirigu, uja amalemba kuti pearl barley, anthu ambiri amangoidutsa pa shelefu ya nyemba zouma. Ine ndimaigula, ndipo ndikufuna inunso muyese, makamaka ngati mumakonda supu yoti mukadya mbale imodzi njala isabwererenso msanga.

Mukatsegula mupeza timbewu totuwa, tobulungira, tokhala ndi kamzere kabulauni pakati. Makoko ndi gaga wambiri anachotsa kale pamakina, n'chifukwa chake safuna kuviika usiku wonse. Kungotsuka mpaka madzi asiye kuyera, basi.

Ubwino wake weniweni umaonekera mumphika. Ine ndimasankha nyama ya pamsongolo, ya fupa lake, chifukwa mitsempha yake ikawira nthawi yaitali imasungunuka n'kupatsa msuzi thupi. Ndimaiduladula, kuikazinga m'magulu ang'onoang'ono mpaka ichite bulauni, kenako anyezi, karoti ndi adyo m'mafuta omwewo. Ndikathira madzi ndimapala zonse zomatirira pansi pa mphika, poti kukoma kuli pamenepo. Moto ukhale wapansi, supu izingochita tithovu apa ndi apo kwa maola awiri. Barele amalowa pomaliza. Akamapsa amatulutsa sitachi komanso ulusi wina wa m'zakudya (fayiba) wotchedwa beta-glucan, ndiye msuzi umakhuthala wokha popanda kuthira ufa uliwonse. Mukatunga ndi supuni mumaona msuzi ukukanirira pang'ono, timbewu titatupa koma tikadali tathunthu, totafunika bwino pambali pa nyama yoti ikungomasuka yokha. Ulusi womwewo ndi umene unachititsa kuti mu 2006 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, lilole opanga zakudya za barele kulemba kuti zingathandize kuchepetsa chiopsezo cha matenda a mtima. Koma ine chimandikoka ndi kakomedweko.

Chimene sindigwirizana nacho ndi malangizo a kuseri kwa paketi yomwe ndimagula. Amati mphindi 25. Mu supu yowira pang'onopang'ono nthawi imeneyo ndi yochepa, pakati pa kambewu pamakhala pakadali polimba. Muwerengere mphindi 40, muzilawa kuyambira pa 35. Sanenanso za muyeso wa supu, pomwe vuto lalikulu la barele lili pamenepo: amatupa pafupifupi katatu. Theka la kapu, magalamu 100 kapena kuposa pang'ono, ndi lokwanira malita awiri a msuzi. Likaoneka lochepa m'manja musaonjezere. Kapu yathunthu imasandutsa supu yonse phala.

Ndipo ludzu lake silitha moto ukazima. Yotsala mukaika m'furiji, m'mawa mupeza msuzi wamwedwa pafupifupi wonse. Potenthetsa thirani madzi, lawaninso mchere. Ngati mukuphika yoti idyedwe masiku angapo, ndi bwino kuphika barele payekha n'kumathira m'mbale nthawi yakudya, ngakhale msuzi sukhuthala chimodzimodzi.

Pali mtundu wina wongochotsa makoko okha, gaga n'kumusiya. Umenewo uli ndi zomanga thupi zochulukirapo, koma umafuna ola lathunthu kapena kuposa, ndipo msuzi wake sukhala wosalala ngati wa wokonolayu. Uja wophikidwa kale pang'ono, woti upse m'mphindi 10, ndi wa tsiku lomwe mwathamangitsidwa. Mu supu ya maola awiri sindiona phindu lake.

Barele ali ndi gluteni, choncho amene thupi lawo siligwirizana ndi tirigu chifukwa cha gluteniyo asayandikire. Kwa ena nonse, paketi imodzi ikupatsani miphika inayi kapena isanu. Mukatsegula, khuthulirani m'botolo lotseka bwino pamalo ouma kuti anankafumbwe asalowemo.