3-2-1 ndi Bullseye, magemu akale a pa TV ku Britain

Magemu awiriwa ankaonetsedwa pa ITV ndipo pano owakumbuka bwino mwina ndi madala a konko.

3-2-1 inayamba 1978 mpaka 1988, ankayendetsa ndi Ted Rogers. Opikisana ankapatsidwa ndagi zoti amasulire kuti adziwe pomwe pabisika mphoto, koma ndagi zake aaa, zokhotakhota moti olo akuuze yankho umangoti kukamwa yasaa. Ukalasa bwino galimoto ndi yako, ukaphonya umatha kubwerera kwanu ndi bini yotayamo zinyalala, yatsopano inde koma bini ndi bini. Pamenepo nzeru sizimathandiza, unali mwayi chabe.

Bullseye ya Jim Bowen, 1981 mpaka 1995, ndiye inali yomveka ndipo ine ndingasankhe imeneyo. Mumabwera awiri, wina katswiri woponya madati (timivi tolasa pa bolodi la manambala) wina woyankha mafunso. Kumapeto amakufunsani ngati mubetche zomwe mwawina, madati 6 mupeze mapointi 101 kapena kuposa, aliyense atatu, ndiye woyankha mafunso uja naye aponye dzanja likunjenjemera. Mukalephera amakuonetsanibe mphoto mwaiphonyayo, nkhanza zenizeni. Mukawina nthawi zina inali boti ya injini, inuyo mukukhala kutali ndi nyanja.