Masters ya uinjiniya ku University of Cape Town: ndi yabwino, koma musankhe khomo loyenera

Kwa injiniya amene ali ndi digiri yoyamba ndipo akufuna kupitiriza, sukuluyi ndi imodzi mwa zimene ndingamulozere mosakayika. Ili ku Rondebosch, m'munsi mwa phiri la Devil's Peak, ndipo nthambi ya uinjiniya ili ndi zigawo za civil, electrical, mechanical ndi chemical. Chaka cha maphunziro chimayamba mu February.

Pamene ambiri amaphonya ndi posankha pakati pa MSc(Eng) ndi MEng. Zonse ziwiri ndi makirediti 180 (makirediti ndi muyezo wa kuchuluka kwa ntchito ya maphunziro), koma kagawidwe kake n'kosiyana. MSc(Eng) ndi ya kafukufuku: mwina makirediti onse 180 ndi a dissertation (lipoti lalikulu la kafukufuku wanu), mwina 120 a dissertation ndi 60 a m'kalasi. MEng imatembenuza, 120 a m'kalasi ndi 60 a kafukufuku wamfupi. Ngati mumagwira ntchito ku Roads Authority, ku ESCOM kapena ku water board ndipo mukufuna luso lokagwiritsa ntchito mukabwerera, MEng ndi yanu, makamaka poti makosi ambiri amaphunzitsidwa mothinana kwa sabata imodzi, kenako ntchito yolemba ndi mayeso. Koma ngati mtima uli pa PhD kapena kuphunzitsa pa yunivesite, tengani MSc(Eng), chifukwa kafukufuku wa makirediti 60 kawirikawiri saonedwa ngati wokwanira.

Pa MSc(Eng), supavaiza, mphunzitsi wokutsogolerani pa kafukufuku, ndiye mwini nkhani. Mupezeni musanalembe fomu: werengani mapepala ake awiri kapena atatu, mumulembere kalata yaifupi yonena funso limene mukufuna kufufuza, ndipo mufunse ngati ali ndi thandizo la ndalama. Chaka chilichonse wophunzira ndi supavaiza amasainirana mgwirizano wonena kuti azikumana kangati, ndi kuti mutu uti wa dissertation utha liti. Musausaine mwamwambo chabe. Digiri ya zaka ziwiri imafika zitatu pa zifukwa zodziwika: funso lotambalala kwambiri, chida cha mu labu chimene anthu angapo akuchidikirira, kapena kutolera deta chilolezo cha ethics (chotsimikiza kuti kafukufukuyo satsutsana ndi malamulo a umunthu) chisanatuluke, zimene zingachititse kuti detayo ikanidwe.

Za ndalama, Amalawi ali ndi mwayi: ochokera m'maiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kuwonjezapo ndalama ina ya ophunzira akunja. Chimene chimaluma ndi lendi. Chipinda ku Rondebosch, Mowbray kapena Observatory sichotsika mtengo, ngakhale basi ya sukulu ndi yaulere. Visa imafunanso medical aid (inshuwalansi ya zachipatala) yolembetsedwa ku South Africa, ndipo imalola ganyu wa maola 20 okha pa sabata, choncho musadalire ganyuyo kuti alipira zonse. Mutenge jekete ndithu, mvula ya kumeneko imagwa mu June ndi July, pamodzi ndi chisanu.

Chenjezo lalikulu ndi ili: masters siyikupatsani Pr Eng, udindo wa injiniya wolembetsedwa mwalamulo ku South Africa. Bungwe la ECSA, limene limalembetsa mainjiniya kumeneko, limayang'ana digiri yanu yoyamba, ndipo yochokera ku Malawi amayamba aiunika kaye, kenako amafuna zaka zosachepera zitatu muli pa ntchito yeniyeni ya uinjiniya. Kwathu kuno kulembetsa n'kwa Malawi Engineering Institution, nawonso amafunsa za ntchito imene mwagwira. Malipoti anu a ku saiti, zojambula ndi mawerengero osainidwa ndi injiniya wolembetsedwa, zisungeni bwino musananyamuke.