Kwale wa pa makina ndi wophwanya pamanja: mugule uti mu Lilongwe?

Mwala wambiri wogulitsidwa kuno ndi gneiss, mwala wakalekale womwe unasinthika ndi kutentha komanso kupanikizika pansi pa nthaka. Mudzauzindikira ndi mizere yoyera ndi yakuda. Granite amachokera ku mwala wosungunuka womwe unazizira pang'onopang'ono pansi, ndipo amakhala wamathothomathotho, wopanda mizere. Yonse iwiri ndi yabwino pa konkire.

Kwale wa pa makina amaphulitsidwa mkati mwa thanthwe, kuphwanyidwa ndi makina n'kusefedwa, choncho mukaitanitsa wa 20 mm wothirira silabu mumalandira wofanana. Amadula, komanso transipoti imalasa m'thumba.

Wa m'mbali mwa msewu ndi wotchipa, koma ophwanya ambiri amatola miyala yapamwamba yomwe mvula ndi dzuwa zinafooketsa kale. Wotere amaoneka wofiirira, ndipo mukaumenya ndi hamala amasweka m'mapalemapale motsata mizere ija. Pamakhalanso dothi lomwe limalepheretsa simenti kugwira. Ngwothandiza podzazira pansi basi.

Pa silabu, mizati ndi ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma) gulani wa pa makina, musakanize 1:2:4 (simenti, mchenga, kwale). Musaiwale kuti tili m'mphepete mwa Rift Valley, chigwa chachikulu momwe mumachitika zivomerezi: chivomerezi cha ku Salima mu 1989 chinagwetsa nyumba.