Maphunziro a aphunzitsi a zaulimi aja: nyenyezi ziwiri basi

Ndinalembetsa maphunzirowa chifukwa okonza ake analemba pa chilengezo chawo kuti tikaphunzira kuyeza nthaka ndi manja athu. Ambirife timaphunzitsa za pH (muyeso wa asidi m'nthaka: nambala ikatsika, asidi ndi wambiri) pa bolodi chaka ndi chaka, koma choyezeracho sitinachigwirepo. Mtengo wa maphunzirowa si wamasewera, koma ndinati bola ndikatengeko nzeru.

Tafika, zoyezera palibe. Akuti zili m'njira. Bambo amene ankatitsogolera anangoyatsa pulojekita n'kumawerenga zomwe zili kale m'buku la ana. Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandipsetsa mtima n'choti anatiuza kuti nthaka ikachuluka asidi, tizithira urea wambiri kuti ikonzeke. Mnzathu wina anakweza dzanja, mwaulemu ndithu, n'kufotokoza kuti feteleza ngati urea ndi amene amawonjezera asidi ukamamuthira zaka zambiri, ndipo chochepetsa asidi ndi laimu. Bambowo anangoti, "Aphunzitsi, mafunso atichedwetsa." Atichedwetsa kupita kuti? Mbewu zambiri zimakonda pH ya pakati pa 6 ndi 7, ndipo ikatsika kupitirira 5.5 fosiforasi, chimodzi mwa zakudya za mbewu, amamangika m'nthaka, mizu osamupeza. Munthu wophunzitsa aphunzitsi osadziwa zimenezi, n'kumakalipiranso womuwongolera! Mnzathuyo atawatsatira panja, bambowo anamuuza kuti akaone pa YouTube.

Nyenyezi yachiwiriyi ndi ya mayi amene anatitenga tsiku lomaliza. Anatitulutsa m'holo, aliyense mpeni m'manja, tikumezanitsa mitengo ya zipatso. Ankayendera mmodzimmodzi kuona ngati khungwa la nthambi lakumana bwino ndi la tsinde tisanamange ndi pulasitiki. Anationetsanso kayezedwe kosafuna zipangizo: dothi likachita thovu ukalithira viniga ndiye kuti lili kumbali ya alikali (yosemphana ndi asidi), likachita thovu ndi soda litanyowetsedwa, lili ndi asidi. Sizipereka nambala, koma mwana amaona ndi maso. Pa nkhani yopereka malikisi pa ntchito ya m'munda wa sukulu, yomwe imativuta tonse, anangoigunda pang'ono nthawi n'kutha.

Satifiketi mpaka lero sinabwere, ndipo foni yawo sayankha. Akadzawapatsa mayi aja maphunziro onse ndidzalipiranso. Zikakhala za bambo aja, anzanga, funsani kaye ngati zoyezera zafika musanatumize ndalama.