Komoot, Strava, Google Maps ndi Organic Maps: yabwino ndi iti pokonza ulendo wa panjinga wokaona malo?

Wopalasa njinga kupita kuntchito amangofuna njira yachidule. Koma inu amene mwapatula tsiku kuti mukaone mathithi, nyumba yakalekale kapena pamwamba pa phiri pomwe dera lonse limaonekera, mafunso anu ndi ena. Msewu wake ndi wa tala kapena wafumbi? Zitunda zake n'zotalika bwanji? Magalimoto ndi ambiri? Nanga netiweki ikathawa, pamphambano mudzadziwa bwanji kokhotera? Mapulogalamu onse a mapu amajambula mzere kuchoka pano kukafika apo, koma mafunso amenewa samawayankha mofanana ayi.

Tiyambe ndi Google Maps, poti ambirife ili kale m'foni. Pa nkhani yofufuza malo okaona palibe yoiposa. Mukalemba dzina la malo imakupatsani zithunzi, nthawi yotsegulira ndi kutseka, komanso ndemanga za amene anafikako. Zithunzi zake za setilaiti zimakuonetsani ngati mlatho ulipodi, ngati msewu uli ndi mitengo ya mthunzi, ngati kanjira kakutha pa mpanda wa munthu. Kumene kuli Street View, zithunzi zojambulidwa mumsewu momwemo, mutha kuona ndi maso anu kuti m'mphepete mwa msewu muli mpata wa njinga kapena ayi. Koma kutsogolera wapanjinga si ntchito yomwe inabadwira. Njira za njinga inayamba kupereka mu 2010 ku United States, ndipo mpaka pano si mayiko onse omwe kachizindikiro ka njinga kamaoneka. Ngakhale kumene kamaoneka, mapu amene mwasunga m'foni kuti mugwiritse ntchito popanda intaneti amangotsogolera wa pagalimoto basi. Ndipo sikuuzani kuti makilomita asanu apakatiwo ndi mchenga wokhawokha.

Apa m'pamene Komoot imawinira. Pulogalamuyi inayamba mu 2010 ku Germany, ndipo anaipangira anthu oyenda pansi ndi opalasa njinga. Musanaike kopita, imayamba yakufunsani njinga yanu: ya pamsewu ya matayala owonda, ya m'mapiri, ya m'misewu ya timiyala, kapena ya ulendo wamba. Malo awiri omwewo, mukasintha mtundu wa njinga, mzere nawo umasintha. Kenako pansi pa mapu imakuwerengerani kuti makilomita akuti ndi tala, akuti ndi dothi, akuti ndi timiyala, komanso kuti mbali iti ndi msewu waukulu, iti ndi kanjira ka mapazi. Palinso kachithunzi koonetsa kukwera ndi kutsika kwa njira yonse. Mukayendetsa chala pakachithunzipo, kadontho kamayenda pa mapu, ndiye mumadziwiratu kuti chitunda chowawacho chili mukangowoloka mtsinje, osati kumapeto.

Kachithunzi kameneka n'kofunika kukaphunzira kuwerenga, chifukwa makilomita paokha amanamiza. Chitunda cha 5 peresenti ndiye kuti pa kilomita imodzi mwakwera mamita 50. Cha 10 peresenti ndi mamita 100, ndipo njinga ikakhala ndi katundu pakaliyala, ambirife pamenepo timatsika n'kuyamba kukankha. Njira ya makilomita 40 yokwera mamita 200 onse pamodzi ndi yofewa kuposa ya makilomita 30 yokwera mamita 700. Wongoona kutalika adzasankha yachiwiriyo, n'kukafika pamalo okaonawo ali wefuwefu, miyendo ikunjenjemera, chidwi chonse chitathera m'njira. Komabe manambala a kukwerawa musawakhulupirire mpaka mita yomaliza. Mapulogalamu ambiri amawatenga ku miyezo yochitidwa kuchokera mumlengalenga, monga ya SRTM ya mu 2000, yomwe imagawa dziko m'timabwalo ta mamita pafupifupi 30. Kachitunda kafupi koma kochita njo kamatha kusowa osaoneka, ndipo mlatho wautali nthawi zina umaoneka ngati mutsikira m'chigwa n'kukweranso.

China chomwe ndimaikondera Komoot ndi timadontho totchedwa Highlights. Awa ndi malo omwe opalasa anzathu anaima, n'kujambula, n'kulembapo mawu awiri atatu: apa pali madzi akumwa, apa dzuwa likamalowa m'pokongola, kanjira aka kamaterera mvula ikagwa. Mukadina kamodzi, malowo amalowa mu ulendo wanu ndipo mzere umapindika wokha kukadutsa pamenepo. Vuto lake n'lakuti timadonthoti timadalira kuchuluka kwa anthu ogwiritsa ntchito. Ku Ulaya timadonthoti timachita kuthithikana, pamene madera ena mapu ali mbee. Chimodzimodzinso nkhani ya tala ndi dothi ija: Komoot imaitenga ku OpenStreetMap, mapu omwe Steve Coast anayambitsa mu 2004 ndipo amalembedwa ndi anthu ongodzipereka. Kumene palibe amene analemba za msewuwo, pulogalamuyi imangonena kuti sizikudziwika. Za malipiro, kusunga mapu ake m'foni ndi kumva mawu okuuzani pokhota zinkafuna kuti mapu a dera lanulo akhale otsegulidwa kaye pa akaunti yanu. Kampaniyi inagulidwa ndi Bending Spoons ya ku Italy mu 2025, ndipo zomwe zili zaulere ndi zolipira zakhala zikusintha, choncho yang'anani kaye musanaidalire.

Strava ndi nkhani ina. Inayamba mu 2009 ku San Francisco, ndipo mtima wake uli pa kujambula zomwe mwapalasa ndi kupikisana. Misewu anaidula m'zigawo zotchedwa segments, ndipo aliyense wodutsapo nthawi yake imalembedwa pa mndandanda. Kwa wofuna kulimbitsa thupi zimenezi n'zokoma zedi. Kwa wokaona malo n'zosokoneza, chifukwa mumayamba kuona ngati kuima pamlatho kuti muyang'ane madzi n'kutaya nthawi. Ulendo woterewu suyenda ndi phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma ili ndi chinthu chimodzi cha mtengo wapatali, chomwe ndi heatmap. Amasonkhanitsa maulendo ambirimbiri omwe anthu anajambula n'kuwaika pa mapu amodzi, moti njira yodutsa anthu ambiri imawala kwambiri, yosadutsa anthu imakhala mdima. Ngati mapu ena akukuonetsani kanjira kodutsa m'nkhalango ndipo mukukayika ngati kamatulukira, heatmap ndi mboni: pakakhala mzere ngakhale wofooka, ndiye kuti tayala la njinga linapondapo. Chenjezo n'lakuti kuwala sikutanthauza kukongola kapena chitetezo. Ambiri ojambula pa Strava ndi anthu a liwiro, okonda tala wosalala ndi zitunda zitalizitali, ndipo ena sawopa kupalasa pambali pa malole. Mzere wowala kwambiri utha kukhala msewu umene simungafune kudutsamo ndi mwana. Kukonza njira yanuyanu pa Strava kunakhala kwa olipira kuyambira mu 2020.

Muganizirenso za chinsinsi. Mu January 2018 zinadziwika kuti heatmap yomweyi inkaonetsa mmene malo ena a asilikali anayalidwira, chifukwa asilikaliwo ankajambula akamathamanga. Inu si msilikali, koma ulendo uliwonse ukamayambira ndi kuthera pakhomo panu, mwauza aliyense komwe njinga yanu imagona. Pulogalamuyi ili ndi pobisira poyambira ndi pothera ulendo. Yatsani zimenezo tsiku loyamba lomwe.

Tsopano Organic Maps. Ilibe ndemanga za anthu, ilibe mpikisano, ilibe zotsatsa malonda, ndipo ndi yaulere. Inatuluka mu 2021 kuchokera ku Maps.me, ndipo nayonso imagwiritsa ntchito OpenStreetMap. Mumatsitsa mapu a dera lonse kamodzi muli pa intaneti, basi. Kuchoka apo kufufuza malo, kujambula njira ya njinga ndi kuona pomwe muli, zonse zimatheka popanda netiweki. Anthu ambiri sadziwa kuti GPS siidya data: foni imangomvetsera ma setilaiti omwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo pa mafoni ambiri imagwirabe ntchito ngakhale mutadina kachizindikiro ka ndege. Kudina kandegeko kumapulumutsanso moto, chifukwa foni ikamasakasaka netiweki kumalo kopanda netiweki imatha moto msanga. Pokonza ulendo, Organic Maps ndi yosalira zambiri, mwina mopitirira. Siikuwerengerani tala ndi dothi ngati Komoot, ndipo malo okongola muyenera kuwadziwa kale nokha.

Mnzake ndi OsmAnd, yomwe imachita zonsezi n'kuwonjezera zambiri, mpaka kupaka misewu mitundu malinga ndi mmene ilili pansi. Yaulere imakulolani kutsitsa mapu asanu ndi awiri. Koma mabatani ake ndi ochuluka moti tsiku loyamba mutu umazungulira. Okonda kusinthasintha zinthu amaikonda kwambiri. Wongofuna kudziwa pokhota ayambe ndi Organic Maps.

Ndiye tisankhe iti? Kwa ine funsolo siliyankhika ndi dzina limodzi, chifukwa ntchito zake ndi zitatu: kupeza malo, kusankha njira, ndi kusasochera. Malo ndimawapezera pa Google Maps. Njira ndimaikonzera pa Komoot, makamaka pa kompyuta pomwe mapu amaoneka aakulu, ndipo pomwe yalemba kuti sizikudziwika ndimakaonera pa zithunzi za setilaiti ndi pa heatmap. Zithunzi za setilaiti nazonso zimakhala zakale nthawi zina, ndipo khwawa lomwe linajambulidwa louma litha kukhala lodzaza tsiku lomwe mukufikapo. Njira ikakhazikika ndimaisunga ngati fayilo ya GPX, yomwe pafupifupi mapulogalamu onse a njinga amaiwerenga, n'kuitsegula mu Organic Maps. Ngati simukufuna kulipira kalikonse, tsamba la BRouter limakonza njira za njinga pa OpenStreetMap ndipo limapereka GPX kwaulere, ngakhale maonekedwe ake si okopa.

Ngati mwanenetsa kuti mukufuna imodzi yokha, onani dera lanu. Komwe opalasa ndi ambiri ndipo netiweki siivuta, Komoot ikukwanirani. Komwe mapu a Komoot ali opanda timadontho ndipo foni imangoti zii mukatuluka m'tauni, tengani Organic Maps, malo okaonawo muwaike nokha ngati timbendera musananyamuke.

Pali zina zomwe palibe pulogalamu imakuganizirani. Nthawi yomwe imakulemberani ndi yopalasa yokha, osawerengera kuima, kujambula, kupuma kapena kumata chubu. Wopalasa mosathamanga amayenda makilomita 12 mpaka 15 pa ola, ndiye ulendo wa makilomita 40 wokhala ndi malo atatu okaona ndi wa theka la tsiku kapena kuposa. Njira yozungulira ndi yabwino kuposa yobwerera momwemo, poti maso amaona zatsopano mpaka kumapeto, koma mbali yoyambira musankhe ndinu. Chitunda chachikulu chikhale m'mawa miyendo ikadali yamphamvu, ndipo ngati kuli mphepo, mulimbane nayo popita kuti pobwera izikukankhani kumsana. Pa Komoot kutembenuza njira n'kudina kamodzi, ndipo kachithunzi ka zitunda kaja kamatembenuka nako, ndiye yerekezani mbali zonse ziwiri.

Mukakapeza kuti mlatho womwe uli pa mapu unakokoloka, kapena msewu wolembedwa dothi anauthira tala, OpenStreetMap imalola aliyense kusiya kauthenga pamalo pomwepo, ndipo wotsegula akaunti atha kukonza yekha. Pakapita nthawi kusinthako kumaonekera mu Komoot, mu OsmAnd ndi mu Organic Maps momwe, poti onsewa amatunga pa mapu amodzi.