Chithunzi cha Sesshū chatuluka bwino, koma anadula mawu a pamwamba

Chakhala pakhoma panga miyezi itatu tsopano, ndiye ndikhoza kunenapo. Ndinagula pa intaneti chithunzi chosindikiza cha Haboku Sansui, chithunzi cha mapiri ndi madzi chimene Sesshū Tōyō, mmonke komanso katswiri wojambula wa ku Japan, anajambula ndi inki mu 1495. Chenichenicho chimasungidwa ku Tokyo National Museum. Changa chinafika chokulungidwa bwino, chopanda makwinya, ndipo pepala lake ndi lochindikala, losanyezimira.

Nkhawa yanga inali pa inki. Chithunzichi chilibe mtundu wina koma wakuda basi, ndipo kukoma kwake kwagona pa kusiyana kwa inki yothina ndi yosungunula ndi madzi. Osindikiza ena amangodetsa zonse bii. Awa ayi. Mapiri akutali akuoneka mwa chizimezime ngati ali m'nkhungu, pomwe thanthwe la pakati ndi mitengo yake zada kwambiri, mpaka kuona pamene burashi inadutsa mothamanga. Mukayandikira mumaona kanyumba komwerako mowa kali ndi mbendera yake, ndiponso kabwato ka anthu awiri m'munsi chakumanja. Kabwatoko ndinakazindikira patapita masiku angapo, m'mawa wina dzuwa likulowera pa zenera.

Chimene chandiwawa n'chakuti wogulitsa anadula gawo lonse la pamwamba, ndipo sanatchule zimenezi potsatsa. Pamenepo ndi pamene pali mawu amene Sesshū analemba yekha ali ndi zaka 76, popereka chithunzichi kwa wophunzira wake Sōen amene ankabwerera ku mzinda wa Kamakura. Akufotokozapo za ulendo wake wa ku China, komwe anapita mu 1467, akudandaula kuti maso ake ayamba kuchita khungu, n'kulemekeza Josetsu ndi Shūbun, akatswiri a ku kachisi wa Shōkoku-ji ku Kyoto amene anamutsogolera pa lusoli. Palinso ndakatulo za amonke asanu ndi mmodzi a Zen, nthambi ya chipembedzo cha Chibuda. Zilembozo sindingathe kuziwerenga, komabe ndinkafuna kuziona, chifukwa ndi zimene zimasonyeza kuti iyi inali mphatso ya mphunzitsi wokalamba potsanzikana ndi mwana wa sukulu yake.

Nditawalembera ogulitsawo anayankha mwaulemu, koma anati chathunthu alibe.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu chifukwa cha inkiyo. Amene mukufuna kugula, funsani kaye ngati malemba a pamwambawo alipo musanalipire.